Phungu Wanga Ndi Mbuya Wanga

Lolemba

Maphunziro ayamba ku holo ina ku Kabulonga. Mutu wake: kupima ntchito ya phungu pa kupanga malamulo. A Dokotala, otiphunzitsa, akuti phungu amapimika ngati thumba la chimanga, bola sikelo ikhale yabwino. Sikeloyo: mafunso amene wafunsa m'Nyumba ya Malamulo, mfundo zimene wasintha m'mabilu, zimene wanena mu komiti. Kuwomba pa tebulo sikuwerengedwa. Kugonanso ayi.

Aliyense wapatsidwa phungu wake. Loweruka tionetsa zomwe tapeza. Ochita bwino alowa m'gulu la kafukufuku wamkulu, otsala akapemphe mutu wina wa digiri. Ine mutu wina ndinapempha kale, osati kamodzi. Ndikapemphanso, a Dokotala andionetsa geti.

Lachiwiri

Tsiku lonse mu laibulale, mphuno m'mabuku a zokambirana za m'Nyumba. Phungu wanga ndamupeza! Dzina lake lili pa opezekapo. Kwina konse zii.

Mnzanga Mutinta wapatsidwa phungu wolankhula ngati wailesi, akudandaula kuti dzanja lawawa ndi kulemba. Anthu ena mavuto awo ndi onona.

A Dokotala: "Achete a m'Nyumba nthawi zina ndiwo akatswiri a mu komiti. Kamufunse mwini wake. Ukajambule mawu."

Lachitatu

Kalaliki wa phungu pa foni: "Ba Onarebo bali ku malilo ku Chelstone. Mailo mubwele ku Woodlands."

Ba Onarebo ndi phungu wanga uja, mailo ndi mawa. Ndikuyeseza mawu aulemu pa galasi. Azakhali, omwe ndimakhala nawo kuno ku Kabwata, akufunsa kwawo kwa phunguyo. Ndati kumpoto, ndi Mubemba. Aseka mpaka kutsokomola.

"Mngoni kukafunsa Mubemba zanzeru? Ndi mbuya wako uyo, mnzako wonyozana naye mwanthabwala! Udzabwerako manja lendelende."

Azakhali sadziwa sayansi.

Lachinayi

Woodlands. Geti lalitali, galu wonenepa kuposa ine. Ba Onarebo andilandira bwino, tiyi ndi mabisiketi. Foni pa tebulo, ikujambula. Ndisanatsegule pakamwa afunsa dzina la bambo anga. Ndanena. Maso awo waliwali!

"Wa ku Chipata! Imwe ku kicheni, bisani mbeba zonse, kwabwela Mungoni!"

Funso: mwasinthapo mfundo ziti m'mabilu? Yankho: "Zambili kupambana mbeba zamene wadya lelo m'mawa."

Funso: muli mu komiti iti? Yankho: "Yoona za njinga. Tizakuika cheyamani."

Abemba amatiseka za mbewa ndi njinga, ife timawaseka kuti amadya anyani. Ndikupirira. Wofufuza satenga mbali. Koma pamene akuti mudzi wathu wonse unabwera ku Lusaka pa njinga imodzi, mfumu pa keriyala, magazi a makolo awira. Ndangomva pakamwa panga pakufunsa ngati nyani wa dzulo anapsa bwino, kapena mchira unawatsamwa, n'chifukwa chake m'Nyumba mawu satuluka.

Agwa pa sofa ndi phwete. Chimbuya chayaka! Mngoni ndi Mubemba akakumana, kunyozana ndiwo ulemu, wokwiya ndiye waluza. Ine kuluza sindikufuna. Tatha dzuwa litapendeka. Anditsanzika ndi nkhuku yamoyo. Pa minibasi kondakitala akufuna nayonso ilipire mpando.

Lachisanu

Ndikumvetsera zojambula zija, kusakasaka ntchito ya phungu. Zimene zilimo:

mbewa, zosawerengeka;
anyani, onse otuluka pakamwa panga;
njinga;
lamulo limodzi lokha, loletsa Angoni kuyandikira khitchini yawo.

Ndaimba foni kupempha kanthawi kokambirana zenizeni. Ayankha okha. Ndayamba ndi "Olemekezeka".

"Mbuya, wayamba ulemu? Wadwala?"

Adula. Nkhuku azakhali aphika. Akuti ndiyo yokha imene sayansi yabweretsa pakhomo pano.

Loweruka

Mutinta akuonetsa magirafu amitundumitundu, ena ozungulira ngati zitumbuwa. Ine mizere yokha, m'kati mopanda kanthu. Ndikufotokoza kuti kusowa kwa umboni nakonso ndi umboni.

A Dokotala: "Nanga zojambula? Timve."

Ndikuchonderera ndi maso. Alumikiza foni ku sipika.

Mayo ine! Holo yonse pansi ndi kuseka. Abemba a m'kalasi aimirira kuteteza nyani, Angoni akubwezera. Mlonda wa pa geti walowa kudzathandiza mbali yake, sanafunse ngakhale mutu wa phunziro. A Dokotala kwawo ndi ku Mongu, nkhondo iyi si yawo. Adikira tithe, kenako akuti:

"Wofufuza wanga wanyoza phungu. Ndipo wadzijambula yekha."

Mayina a olowa m'gulu awerengedwa. Langa mulibe.

Lamulungu

Mutu wina wa digiri ndilibe, ngakhale mphamvu yokaupempha. Ndagona chagada, ndikuyang'ana malata.

Foni. Kalaliki uja. Mlamu wa ba Onarebo wamwalira ku Makeni, ndipo maliro a Mubemba ntchito ndi ya Angoni: nkhuni, madzi, kunyamula bokosi, kuseketsa ofedwa.

"Bakamba ati mubwele na kamwa kanu kaja. Mungoni wamene bali naye ni wofoka."

Nsapato zanga zili kuti? Mu Lusaka monse muno wapezeka munthu mmodzi amene wapima ntchito yanga n'kuipeza yokwana, ndipo amadya anyani.