Kankhope Koseka pa Dzina la Malemu

Amwene, musandione kudekha chonchi, ine ndinachititsapo manyazi ndi akufa omwe. Zinali zaka zija maliro ankangotsatizana ku Domasi kuno, sabata siinkatha osamva chiliro. Abusa athu anati Lamulungu lotsiriza la chaka tiwerenge mayina a Akhristu onse amene anatisiya, ndiye ine, mphunzitsi wa masamu wodziwa kompyuta, ndinadzipereka kusindikiza mayinawo, chifuwa chili patsogolo.

Kompyuta ya pasukulu inali ndi laibulale ya mapulogalamu a C++ imene anasiya mzungu wina, ndipo munali kalasi, osati ya ana ayi, koma chikombole chosungira za munthu: dzina, mudzi, zaka. Koma njira yozilembera pa disiketi munalibe, kalasiyonso sindikanatha kuisintha, khodi yake mwini wake anapita nayo kwawo. Chofunika chinali kulemba kafankishoni, kapulogalamu kakang'ono kapambali, kofunsa dzina n'kulemba, kofunsa mudzi n'kulemba. Koma ulesi inu! Ndinati bwanji ndingokopera obujekiti yonse, kaphukusi ka za munthu aliyense, pa disiketi mmene yagonera m'memore ya kompyuta? Poyesa kuwerenganso, mayina onse bwinobwino. Kuzimitsa kaye makina kuti nditsimikize? Ndani, ine? Timapepala ta mayina timene abusa anandipatsa ndinakolezera mbaula.

Chimene sindinaganize n'chakuti mu obujekitimo simukhala dzina lenilenilo, mumangokhala keyala ya pamene dzinalo lagona m'memore. Magetsi atathima Loweruka, memore inafufutika, ndinatsala ndi makeyala, eni nyumba atasamuka.

Lamulungu ndinasindikiza mothamanga, osayang'ana, n'kupinda pepala. Tchalitchi chodzaza, amasiye kutsogolo, kuli zii. Abusa kufunyulula pepala lija, kuvula magalasi, kuvalanso.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno. Ichi n'Chigiriki?"

Mayo ine! Zaka zokha ndiye zinalipo, pa mayina panali timitima, timivi ndi tinkhope toseka. Mayi Likoswe a kwa Malemia, amene anali atangoika amuna awo mwezi womwewo, anadzuka n'kuti ndiwaonetse pamene pali bambowo. Ndinaloza pa zaka zawo. Anakayang'anitsitsa kankhopeko, misozi ili mbwee.

"Bambo aja chindikwatirireni sanandisekerepo. Mpaka afe kuti adzaseke pa pepala la aphunzitsi?"

Palibe anaseka, ndipo palibe dzina linawerengedwa tsiku limenelo. Mtima unandiwawa zedi. Chiyambire pamenepo, mpingo ukamagawa ntchito za akufa, ine ndimathamangira khasu la kumanda. Dzenje lokha silinandisowepo magetsi atathima.