Nyimbo ya boti la a Saidi

Masiku ano ndikamadutsa pagombe la ku Senga Bay ndimayenda mofulumira, chipewa chili m'maso. Koma ndineneretu, mlandu si wanga. Anthu akuti ndi wanga, inu muweruze nokha.

Ndili ndi kasitudiyo kuseri kwa golosale ina (laputopu, maikolofoni imodzi, kabokosi ka timabatani topotokola, ndi matileyi a mazira kukhoma). Ndilinso ndi chibwenzi, Asiyatu, amene ndikufuna kumanga naye banja. Mwinimbumba kwawo ndi malume ake, a Saidi, msodzi wa ku Mbenji wosaseka wamba. Nkhani yathu ikafika kwa iwo ankangoti, "Tiona."

Atagula boti la injini, anatulukira okha pakhomo panga.

"Achimwene, akuti mumakonza mawu. Ndapeka nyimbo ya boti langa, imveke tsiku lolilowetsa m'madzi. Ikatuluka bwino, akwanu abwere tidzakambirane."

Ndinatsala pang'ono kuwagwira miyendo.

Tsono mawu a a Saidi ndi a munthu amene wakhala akukalipira alovi, anyamata omuthandiza kusodza, pamphepo ya mwera moyo wake wonse. Pakati pa nyimbo anatsokomola, kenako n'kundifunsa funso maikolofoni ili chiyakire. Ine osadandaula. Mu pulogalamu yopangira nyimbo muli nzeru ina yotchedwa otomesheni. Ukayatsa kabatani kofiira nyimbo ikuyenda, chilichonse chimene wapotokola pakabokosi kompyuta imasunga, n'kumadzachibwereza yokha pamalo omwewo. Ndinakhalira ntchito imeneyo sabata yathunthu. Pa chifuwa paja ndi pafunso paja ndinatsitsa voliyumu mpaka zii. Pa kolasi ndinathira eko pang'ono, ngati mchere. Pamene mawu ankaphonya ndinawakweza mwaulemu. A Saidi anayamba kumveka ngati munthu woti amayi angamulire.

M'mawa wa tsiku la mwambo ndinati ndiimvere komaliza. Nyimbo ili mkati, nkhungu, tizilombo tija totuluka m'nyanja ngati utsi, zinalowera pawindo. Abale, nkhungu! M'maso, m'mphuno, pa laputopu bii, pakabokosi ndiye osanena. Ndinavula mahedifoni, ndinatenga kathawulo n'kuyamba kukwapula. Phwa! Phwa! Ndinapukuta kabatani kalikonse, kupotokola uku ndi uku kuti tituluke tonse tobisala. Kodi munthu waukhondo n'kulakwa?

Kabatani kofiira kaja kanali chiyakire. Ndipo apa m'pamene mtima umandiwawa. Pulogalamu imeneyi ukafuna kuitseka imakufunsa kawiri ngati watsimikiza. Koma kuona munthu akumenya makina ndi thawulo, osafunsa olo kamodzi kuti bwana, zimenezi ndi nyimbo? Inangolemba zonse mwakachetechete ngati mboni yoipa mtima.

Foni inalira, a Saidi. "Achimwene, anthu asonkhana." Ndinaponya nyimbo mu fulashi, ulendo pa kabaza. (Mukuti bwanji sindinaimverenso? Chinthu choti ndachimvera sabata yonse mpaka kuchilota?)

Kugombe kunali anthu osati masewera. Boti lopakidwa penti yatsopano, amayi ndi mapoto a mpunga, asodzi ena ochokera ku Chipoka. Ndinalumikiza masipika awiri akuluakulu obwereka ku loji. Ndime yoyamba inatuluka mwaudongo. Mkulu wina anati, "Mashaallah, Saidi, mawu amenewa unkawabisa kuti?" A Saidi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Asiyatu anandiyang'ana chakuba, ine mumtima ndayamba kale kusankha suti.

Ndime yachiwiri ndi pamene thawulo linayambira ntchito.

Mawu a malume anakwera, kukwera, mpaka kusanduka a kamwana ka ku mkaka. Anthu asanadabwe bwino, mawuwo anatsika mpaka pansi ngati mvuu. Gitala anathawira sipika ya kumanzere, n'kubwerera, n'kusowa. Kenako chifuwa chija ndinachikwirira ndi manja angawa chinauka, eko ili pamapeto: "Kho! Kho! Kho! Kho!" uku chikudumpha sipika iyi ndi iyo. Agalu anayamba kuuwa.

Ndinathamangira kukazimitsa, koma ndinapunthwa pachingwe cha nangula n'kugwa chafufumimba mumchenga. Ndili pansi pomwepo, funso lija linamveka gombe lonse, ng'oma zitakhala chete:

"Achimwene, pamenepa ndamveka ngati wa pa wailesi eti? Eti? Eti? Eti?"

Kunagwa phwete loti sindinalimvepo. Mayi wina anakhala pansi chikombe chili m'manja, misozi mbwembwembwe. Alovi a a Saidi omwe, anthu oti amawaopa ngati ng'ona, anabisala kuseri kwa boti mapewa akugwedezeka.

A Saidi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anabwera, n'kundiyang'ana ndili mchenga m'kamwa.

"Ndiye kukonza mawu kwakeko n'kumeneku?"

"Malume, ndi nkhungu."

"Nkhungu zimaimba?"

Ndinafotokoza za otomesheni, za kabatani kofiira, za thawulo. Ndinalonjeza kukonzanso tsiku lomwelo, ndipo ndinakonzadi, yabwino kuposa yoyamba. Koma ndani akuifuna? Pachipwirikiti chija wina anasolola fulashi, ndipo pofika Lachisanu nyimbo ya thawulo inali m'mafoni mpaka ku depoti ya pa boma. Boti lija analilemba dzina lokongola m'mbali, koma gombe lonse limalitchula kuti Eti-Eti. A Saidi akamadutsa, ana amatsokomola kanayi.

Chondipsetsa mtima kwambiri, oimba atatu abwera kale kusitudiyo kufuna "sitayilo ya a Saidi". Nyimbo zonse ndinazikonza ndi luso langa palibe anaziyamikirapo, koma ya thawulo ndiye yatchuka!

Asiyatu ndinamutuma kuti akafufuze maganizo a malume ake. Anabwerako nkhope ili gwa.

"Akuti akwanu abwere ndithu," anatero, "tsiku limene anthu adzaiwale nyimbo ija."

Dzulo m'minibasi yochokera ku Lilongwe foni ya kondakitala inaitana. Inatsokomola kanayi, ndipo basi yonse inayankha kuti, "Eti?"