Tsiku Limene Ndinapha Maseva Awiri Pamaso pa Komiti

Pali masiku ena amene munthu umalakalaka nthaka itang'ambika kuti ulowemo. Langa linali Lachiwiri lina m'nyengo ya mvula, tiyi ataphukira mpaka othyola kusowa nthawi yopuma.

Ine ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina la alimi a tiyi kuno ku Mulanje. Alimi akabweretsa masamba, sikelo imatumiza kulemera kwake ku kompyuta yaikulu ya ku ofesi, imene timaitcha seva. Seva ikaima, sikelo nayo imaima, lole yopita ku fakitale sinyamuka, masamba amangofota padzuwa. Ndiye ndinavutitsa komiti chaka chathunthu kuti tigule seva yachiwiri. Ndinkawauza kuti ziwirizi zizigwira ntchito ngati imodzi, ina ikafa inzake izipitiriza pomwepo, alimi osadziwa n'komwe. Anagula, koma monyinyirika.

Nditamaliza kulumikiza, mtima wofuna kutamidwa unandigwira. (Palibe anandipempha chionetsero, ndinadziputira ndekha.) Ndinaitana komiti yonse m'kachipinda ka maseva, tayi ali pakhosi.

Apampando athu, mayi Muhiwa, sameza nkhani asanatafune.

"Ndiye mukuti imodzi ikafa, inayo siilira maliro?" anafunsa.

"Siilira, mayi. Onetsetsani, ndiipha dala."

Ndinawerama monyadira n'kuzimitsa soketi ya pakhoma. Chipinda chonse chinangoti zii. Timagetsi tobiriwira tonse tinathima.

"Yafa iti?" anafunsa abambo ena kumbuyo.

"Zikuoneka ngati maliro ndi awiri," anayankha mayi Muhiwa.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Kachipindako kali ndi soketi imodzi yokha, ndiye ndinagula ekisitenshoni, chingwe chamagetsi chokhala ndi masoketi angapo, pa Chitakale n'kulumikizapo maseva onse awiri. (Batire lothandiza magetsi akathima linali likadali m'katoni, ndinkati ndiika mawa.) Ndinayatsanso msangamsanga, ndikuseka kaseko kopanda mano. Maseva anadzuka, koma anafuna pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira, asanayambe ntchito. Pasiwediyo inali yaitali, yosatheka kuloweza, ndipo ndinaisunga pamalo otetezeka kwambiri: m'seva momwemo. Kwina kumene ndinailemba kunali m'kope langa, kunyumba, ku Thuchila.

Foni inalira. Anali a kalaliki a ku sikelo.

"Achimwene, mwatani kumeneko? Sikelo yaima, anthu adzaza, masamba ayamba kupsa m'matumba."

Mantha anandigwira zenizeni. Masamba amenewo anali thukuta la anthu oposa ine msinkhu, amene analawirira m'mame, ndipo akafota ku fakitale amawakana.

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, tayi akuuluka kumsana. Kufika kunyumba, chitseko chokhoma, mayi a kunyumba ali kumsika ndi kiyi. Ndinawapeza akusankha tomato.

"Bwanji masana ano? Akuchotsani ntchito?"

"Sanandichotse, koma ali m'njira. Bweretsani kiyi."

Pobwerera mvula inatipeza panjira. Kope ndinalibisa m'malaya ngati khanda, ine ndekha ndinanyowa mpaka masokosi. Nditalemba pasiwedi, maseva onse awiri anayamba ntchito bwinobwino, koma owonerera panalibe. Mayi Muhiwa anali atatengera komiti yonse ku sikelo, atafukula sikelo yakale yopachika pamtengo, akuyeza okha masamba n'kumalemba pamanja. Lole inanyamuka mochedwa, koma palibe thumba limene linabwezedwa. Manyazi amene ndinamva, mpaka lero ndikawakumbukira ndimatuluka thukuta.

M'mawa mwake mayi Muhiwa anandiitana. Ndinapita nditakonzeka kutsanzika.

"Khalani pansi," anatero. "Nzeru yanu ija ndi yabwino, ife tayimvetsa. Chinthu chikakhala chimodzi sichodalirika."

"Zoona, mayi," ndinavomera mtima ukutsika.

"Ndiye tinaona dzulo kuti nanunso mulipo mmodzi."

Mwezi wotsatira komiti inalemba ntchito katswiri wina wa makompyuta, mayi wochenjera kwabasi, tebulo lake moyandikana ndi langa. Mapasiwedi onse amawadziwa, soketi yachiwiri anaikitsa sabata yoyamba. M'mawa uliwonse amandiyang'anitsitsa n'kufunsa mwachikondi, "Mwadzuka bwanji, achimwene? Thupi lili bwino?"

Phunziro ndinalitola, kaya ndi lomwelo limene komiti inkafuna. Chibwerereni mayiyu, ine sindinadwalepo ngakhale chimfine.