Mundisungireko Kaye

Lolemba

Esinati akuti akusamukira ku Texas. Esinati! Mnzanga wa zaka khumi ndi ziwiri, woimba naye alto benchi imodzi, amene amadziwa nkhope yanga ndisanalankhule. Akuti landilodi wake ku Wheaton wakwezanso lendi, komanso mawondo ake atopa ndi kuzizira. Ngati kuti anga ndi achitsulo.

Sapita. Pulani ndili nayo: chipinda chapansi cha nyumba yathu ino ku Germantown. Nditulutsa katundu, ndipaka penti, Loweruka alowe. Lendi yachibale. Penti ndagula kale, yachikasu.

Kavuto n'kamodzi. Muli katundu wa anthu amene anathawa kale Maryland. Aliyense ponyamuka mawu ake ndi omwewo: "Mundisungireko kaye, tibwera kudzatenga."

Zomwe ndapeza:
mafosholo a chipale chofewa asanu ndi awiri
majekete, ndasiya kuwerenga
matayala a a Tembo
firiji ya Mayi Gondwe, yakufa
katoni yolembedwa kuti OSATSEGULA

Lachiwiri

Ndikuimbira eni katundu. A Tembo, a ku Lusaka aja, ali ku Houston: "Ah, ba sister, manje manje nizabwela kutenga." Manje manje ameneyu, "pompano" wa ku Lusaka, wakwanitsa zaka zinayi. Akundiuzanso kuti avala kabudula ndipo akuthirira nkhwani kuseri kwa nyumba. Ndinafunsa ine?

Mayi Gondwe ku North Carolina akuti firijiyo idzakwera kontena kupita kwawo ku Rumphi. Liti? "Ambuye akalola." Kenako andiyendetsa pa vidiyo nyumba yawo yonse, zipinda zinayi, mpaka kondionetsa mosungira tsache. "Kuno galimoto imagona m'nyumba, mayi." Zikomo. Kuno munthu ndi amene akusowa pogona.

Chomwe chatuluka m'chipinda lero: ine.

Lachitatu

Chipale! Ola lathunthu ndikufukula galimoto kuti ndikasambitse agogo a eni ake ku ntchito. Mafosholo asanu ndi awiri, wofosholera mmodzi. Pobwera ndipeza pamalo pomwe ndakumba ine paima galimoto ya munthu wina, mwaulemu wake.

Galimoto ya Esinati yakana kulira. Ndikumuuza pa foni kuti komatu chipale chimakongola. Wadula.

Zifukwa zoti akhalire kuno, ndikamuwerengere:
1. Sukulu zabwino. (Ana ake anamaliza kale.)
2. Masamba amakongola mu Okutobala. (Milungu iwiri, kenako uzisesa.)
3. Ntchito ilipo. (Iyenera kukhalapo, popeza ziwiri sizikwanira.)
4. Ine.

Lachinayi

Mbiri yamveka kumpingo kuti ndikukonza chipinda chapansi. Madzulo thiraki ili pakhomo. A Chirwa, mkulu wa mpingo, ochokera ku Annandale, akusamukira ku Georgia. Akuti msonkho wawamaliza ndipo madokotala awauza kuti chifuwa chawo chikufuna dzuwa.

"Mayi, tamva kuti mwapeza kamalo. Ndi kasofa kokha."

Kasofa! Anthu asanu ndi mmodzi akhalapo osagundana. Ndiwakanize bwanji munthu amene anaimirira ukwati wanga? Pakamwa panga pakungotuluka "Palibe vuto, bambo." Bambo a kunyumba nawonso ali patsogolo, "Lowetsani, lowetsani!" Ndawathiranso tiyi. Ndi mkaka.

Lachisanu

Paipi yaphulika ndi kuzizira. M'chipinda chapansi madzi mpaka m'kakolo. Tsiku langa lopuma ndalithera kuyanika majekete a anthu amene pano akutuluka thukuta ku Texas. Pamasitepe jekete, pachitseko jekete, pampando wodyera jekete. Nyumba yonse ikununkha ngati belo la kaunjika.

Katoni ya OSATSEGULA yadzitsegula yokha ndi madzi. Muli zipewa zaubweya ndi magolovesi. Zaka zonsezi ndimaidutsa mwamantha!

Ndipeza bambo a kunyumba ali phee pa foni. Ndikusuzumira: nyumba za ku Dallas. "Ndikungoona." Nayenso Esinati anayamba ndi kungoona.

Penti sinatsegulidwe.

Loweruka

Ndamuitana Esinati kuti aone nyumba yake yatsopano. Waima pamasitepe. Akuyang'ana sofa yonyowa, matayala, firiji ya ku Rumphi, ndi kawindo kaja ka m'mwamba komwe katsekeka ndi chipale. Ndikumuuza kuti aganizire zonsezi kulibe, makoma ali achikasu.

Akuseka mpaka kukhala pansi. Kenako sakusekanso.

"Asisi, ndinasaina kale mapepala a nyumba sabata yatha. Ndimasowa poyambira kukuuzani."

Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikukonzera chipinda munthu yemwe anapita kale. Zandiwawa, sindinama. Ndimafuna kumukalipira koma ndangomufunsa ngati makatoni akumukwanira. Akuti ayi. Ndamupatsa owuma onse omwe ndinali nawo, ndamuthandizanso kumata.

Lamulungu

Kutchalitchi mwambo wotsanzikana, wachitatu chaka chino. Abusa atha kuuchita ali mtulo. A Chirwa alankhula mphindi makumi awiri za dzuwa la ku Georgia. Pa nyimbo yomaliza Esinati waimba alto yekha, ine ndangogwira buku la nyimbo. Sabata yamawa benchi yonse ndi yanga. Nditambasuke!

Masana galimoto yake ili pakhomo, buti yotsegula. Majekete awiri, hita, fosholo yofiira ija ndinamugulira chaka chomwe anafika. Sakundiyang'ana.

"Asisi, mundisungireko kaye."

Ndalandira ndi manja awiri, monga mwa nthawi zonse.

Mafosholo tsopano ndi asanu ndi atatu. Enawo ndawaunjika kuseri kwa sofa. Ya Esinati ndaiimika pafupi ndi chitseko, pouma, kuti akadzabwera manje manje asavutike kuifuna.