Kaseti Yanga ndi Anyamata a Tsitsi

Lolemba, 4 Ogasiti

Ntchito yandipeza ndili pakhonde. Yotamu, mphunzitsi wa ku Dedza uja anamutumiza kusukulu yathu, wabwera chipewa chili m'manja. Akuti loji ina ya ku Kande ikulandira thiraki yodzaza azungu Loweruka. Amanijala ake, mayi wa ku Blantyre woyenda ndi mulu wa makiyi, akufuna oimba oti azitsanzira gulu limodzi lakunja la nyimbo za roko: kuimba ngati iwo, kuvala ngati iwo, kugwedeza mutu ngati iwo. Akachita bwino aziimba mwezi ndi mwezi. Akalephera, loji ibwerera kwa mnyamata wa laputopu wa ku Mzuzu.

Gulu lakunjalo ndimalidziwa. Dzina lake limandikana pakamwa, ndimangoti Anyamata a Tsitsi. Kaseti yawo ndinabwera nayo kuchokera ku Halale, komwe ndinkaphika kwa mzungu. Mwana wa bwana anandijambulira yekha. Chintheche yonse ikudziwa kuti ndili nayo, poti ndinawauza.

Yotamu akuti, "Ada, tikufuna khutu lanu."

Khutu ndili nalo. Sukulu ndinangolawa ya kwacha, imvi zili kale m'mutu, koma nyimbo ikandidutsa kamodzi ndimaigwira mchira. Chimene ndikufuna ine ndi chimodzi: maiki. Pamaliro anandiletsa kuyankhula, ati okumba manda anachita kudya kawiri. Paukwati anandiletsa, ati mpunga unazizira. Kutchalitchi pemphero langa amalidula ndi nyimbo. Munthu wa nkhani ngati ine, masiku ano ndimacheza ndi abakha! Yotamu waimbira amanijala, avomera. Gawo loyamba la nyimbo likatha, maiki ndi yanga.

Mkazi wanga, aNyaManda, akuti azunguwo awamvera kale chisoni.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Tikuyeserera kuseri kwa shopu ya Kondwani, wokonza mafoni. Asilikali anga ndi awa:

Yotamu, woimba. Mawu oonda ngati udzudzu wa m'khutu.
Wezi, wa gitala. Amabaya ana jekeseni kuchipatala, ndipo nsambo amazibayanso chimodzimodzi, mosamvera kulira.
Kondwani, wa besi. Saseka, sagwedezeka, ukhoza kumupachika jekete.
Gomezgani, wa ng'oma. Msodzi wa usipa, amabwera maso ali gwa ndi tulo. Dzanja lake ndi la malipenga, limafuna kuguba basi.

Andiimbira nyimbo yoyamba monga anaiphunzirira mufoni. Liwiro lake! Ngati minibasi yothawa apolisi. Ndawaimitsa. Ndatulutsa wailesi yanga ya kaseti m'pilokesi momwe imagona, ndadina. Yabwera nyimbo yeniyeni, yodekha, yonenepa, yoyenda ngati mkulu wa mpingo akupita kutsogolo. Woimba wake mawu ngati mvuu.

Wezi akuti ya mufoni siili choncho. Ndamuuza kuti za mufoni amazithamangitsa dala kuti bandulo isathe. Nanga foni inakhalako ku Halale? Kasetiyi inatuluka m'nyumba ya mzungu, m'manja mwa mwana wa mzungu. Agonja. Ana a kuno sakangana ndi imvi, ndipo Yotamu ndi mlendo, akuopa kulakwira mudzi.

Kondwani yekha wayang'anitsitsa wailesi, akuti aitsegule kaye aone m'kati. Ndamumenya dzanja. Wailesi imeneyi sinaonepo sukuludiraiva chibadwire chake.

Lamulo ndaika: mafoni m'thumba mpaka Loweruka.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Lero ndi la mawu a Yotamu. Udzudzu uyenera kusanduka mvuu. Mankhwala ake:

dzira laliwisi m'mawa,
jinja wotafuna,
kulowetsa mutu mumtsuko wa aNyaManda n'kumabuula mpaka mtsuko uyankhe.

Akubuula bwino ndithu. Galu wa kwa a Longwe akumuyankha.

Taphunziranso podumpha. Nyimbo yachiwiri ili ndi malo pomwe woimba amati akwere, basi mwadzidzidzi gitala ali kale pakati pa kulira. Wezi akuti pamenepo pakusowa korasi yathunthu. Zoona wailesi inatafunapo tepi kalekale, ine n'kudula ndi lezala, n'kulumikiza ndi kyutekisi wopaka zikhadabo wa aNyaManda. Koma ndinangodula kachidutswa kotalika ngati mkono. Mkono umodzi mungalowe korasi? Ndawauza adumphe. Akudumpha onse pamodzi tsopano, ngati achule.

Nyimbo yomaliza ndiye yokoma. Imakwera, imakwera, ili pakatikati penipeni, kha! Basi. Kondwani akuti pamenepo ndi pomwe tepi imathera, batani n'kudzuka lokha. Ine ndikuti ndi momwe azungu amamalizira, sataya nthawi ndi kutsanzika. Gomezgani waphunzira kumenya kha ameneyo ndi ndodo pamkombero wa ng'oma. Akutha bwino kuposa wailesi.

Vuto lake ndi tulo. Liwiro latsopanoli likumuwodzeretsa. Pakati pa kumenya kumodzi ndi kwina munthu akugona, kulota, kudzuka, n'kupezabe nthawi isanakwane. Ndakhala pambali pake ndi kamtengo.

Wezi akuti gitala wa pang'onopang'ono ngwosavuta, akhoza kumaimba uku akulemba malipoti a kuchipatala. Ndikuganiza kuti akundiyamikira.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Tayamba m'mawa, tonse tikumveka ngati kaseti. Mtima wanga uli mbee. Besi ya Kondwani ikugunda m'chiwindi, Wezi akuliza nsambo imodzi mpaka nkhuku zikuima, Yotamu akubuula pansi pa nthaka.

Posakhalitsa ndikuona amayi akutulukira kuseri kwa shopu. Zitenje, mipango kumutu, wina nkhuni, wina beseni la ufa wa kondowole. Akhala pansi chapatali, mitu pansi. Ndauza ana kuti onani, anthu ayamba kale kubwera, imbani mwamphamvu. Nyimbo itatha, mayi wamkulu wa chigwirizano wasendera chogwada, akufunsa chonong'ona kuti watisiya ndani, nanga mwambo uli liti.

Gomezgani wagwa pampando ndi kuseka. Wezi wabisa nkhope kuseri kwa gitala. Ine ndaimirira kuti ndiwafotokozere amayiwo mbiri ya roko kuyambira ku Halale, koma ndisanafike n'komwe pa siteshoni ya sitima, anyamula ufa wawo. Nkhuni asiya. Ndatengera aNyaManda.

Madzulo ana anditumira Yotamu. Akupota chipewa. Akuti mwina, Ada, tikadangowonjezako liwiro pang'ono pokha. Ndamufunsa ngati anabwera kudzafuna khutu langa kapena la amayi a nkhuni. Nyimbo yogwira mtima mpaka anthu kubwera ndi ufa, imeneyo ndiye nyimbo! Wapita akutsokomola.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Zovala. Mawigi tabwereka kusaluni ya pamsika. La Kondwani ndi lofiirira, lofika m'chiuno, akuoneka ngati mlamu wake wa ku Joni. La Gomezgani likununkha kale usipa. Wezi ali ndi tsitsi lake, koma ndamuuza alimasule, aoneke ngati wadzuka kumene. Mathalauza othina tapeza pakaunjika. Yotamu walowamo, kutuluka sitikudziwa.

Ine suti. Mtonga sapita pagulu ngati akupita kukazula chinangwa. ANyaManda aisita ndi simbi ya makala uku akung'ung'udza, tayi ndasankha wofiira uja.

Amanijala abwera kudzamva. Aima ndi makiyi awo, amvera theka la nyimbo, afunsa ngati jenereta yathu ikufooka. Ndati tili pa magetsi. Afunsa ngati nyimboyo ilidi choncho. Ndati ama, munakhalako ku Halale? Akuti iwo amamvera za uzimu zokha, bola azungu akondwe. Anyamuka akuyang'anayang'ana m'mbuyo.

Mawu a Yotamu ayamba kuthawa. Akabuula pakutuluka mpweya wokha, ngati tayala la njinga. Ndawonjezera mazira.

Zokayankhula mawa ndazikonza, zochepa chabe:

moni, ndi mayina a makolo anga mbali zonse ziwiri,
momwe ndinayendera kupita ku Halale,
ng'ona ija inandibwezera chipewa,
chifukwa chake batala wa masiku ano sakoma,
mawu ochepa okhudza oimba, nthawi ikalola.

Ndayeserera kwa abakha. Mmodzi watsala mpaka pa ng'ona.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mwera wadzuka ndi ukali. Masana tili paloji, pansi pa chisakasa cha udzu. Azungu atsika m'thiraki ofiira ngati mbatata ya kholowa, ena achikulire, ena ana aang'ono ovala zidutswa. Ogwira ntchito paloji aima kumbuyo ndi mathireyi. Ine mpando wapatsogolo, tayi akuuluka.

Nyimbo yoyamba. Ana anga sakulakwitsa ngakhale pamodzi. Kaseti yeniyeni, yamoyo, ya miyendo! Azungu akungoyang'anana. Wina wavula chipewa. Wina akufunsa woperekera zakumwa ngati ili nyimbo ya fuko.

Nyimbo yachiwiri. Mayi wina wachizungu wa imvi, wojambulidwa chinjoka pamkono, watchera khutu, wakuwa, waizindikira. Wakoka anzake. Aimirira onse, akoka mpweya, manja m'mwamba kuti alandire korasi. Ana anga adumpha. Azungu atsala m'malere okha, akuimba korasi yopanda ng'oma, kenaka mawu awo akuzima mmodzimmodzi ngati nyali za asodzi. Nyimbo yawoyawo saidziwa!

Yomaliza. Ikukwera, ikukwera, mayi wa chinjoka watseka maso, kha! Gomezgani sanaphonye. Zii. Akumveka ndi mwera wokha, ndipo watenga wigi la Kondwani n'kulipachika pa mpanda. Kondwani sanagwedezeke.

Nthawi yanga yakwana. Ndakonza tayi, ndaimirira, dzanja lili kale panjira ya maiki. Amanijala andigwira jekete kumbuyo.

"Ada, khalani kaye pansi. Maliro amodzi akwana."

Andipatsa botolo lozizira. Apita kwa ana, makiyi akulira, awauza kuti gawo lachiwiri likakhala chomwechi, aimbira wa laputopu lero lomwe. Yotamu akuloza pakhosi, mvuu yafa. Ndikumva Wezi akumufunsa ngati udzudzu ulipo. Wayesa. Ulipo, wakuthwa kuposa kale.

Wezi sanandiyang'ane n'komwe. Wagogoda phazi mwa liwiro la mufoni, Gomezgani maso atseguka koyamba sabata ino.

Ndilembe zoona, poti kope ili ndi langa. Akuimba anawa. Zala za Wezi sizikuoneka, gitala akulira ngati mwana wa pa sikelo. Gomezgani akumenya ngati ng'oma zinamudyera ukonde, ndipo apo ndi apo dzanja likuthawira ku malipenga, azungu akuyesa ndi luso. Besi ya Kondwani yagwira zonse ngati nangula, mwiniwake ali njo, mutu wopanda wigi. Yotamu wakwera pamwamba pomwe ine ndimayesa safikapo mwamuna, thalauza yang'ambika, sanasiye. Korasi ija ilipodi. Ndi yaitali ndithu. Mkono umodzi umalowa zambiri.

Mayi wa chinjoka akuvina ndi wophika. Mchenga uli fumbi.

Ine ndikudikira mpata pakati pa nyimbo. Palibe. Ina ikamatha Wezi wayamba kale ina, mchira ndi mutu kulumikizana ngati wadzola kyutekisi. Maiki ili m'manja mwa Yotamu ngati anabadwa nayo. Pomaliza penipeni wanena pasipika kuti tithokoze Ada athu amene anatibwereka mtsuko. Azungu aomba m'manja. Ndaimirira kuti ndiyankhe, jenereta azimitsa.

Phazi langa lakumanzere linavina. Sindinalitume.

Lasabata, 10 Ogasiti

Kutchalitchi mayi wa chigwirizano uja wandipatsa moni wa chipepeso. Ena akuseka m'mipango.

Ana ntchito aipeza, mwezi ndi mwezi. Za maiki amanijala akuti tidzaona. Ndakhala nthawi yaitali padziko, ndikudziwa kuti tidzaona amakhala kuti.

Titaweruka Kondwani wabwera ndi sukuludiraiva. Sindinamumenye dzanja. Watsegula wailesi, watulutsa kalamba ka mphira kamene kamazunguza tepi, kotamuka, kolendewera ngati khungu la pakhosi panga. Akuti kakhala kakutamuka pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndiye khutu silingazindikire. Waikamo katsopano, wadina.

Minibasi ija. Woimba wake udzudzu weniweni, Yotamu wachiwiri. Ndakhala ndikumvera, ndipo chapatali ndithu ndakumbuka khitchini ya ku Halale, ine ndikusenda mbatatesi mothamanga kuti ndifanane ndi ng'oma. Kani inkathamangadi. Inenso ndinkathamanga.

Podumpha pali pomwepo, kha ali pomwepo. Zimenezo ndi zanga, palibe angazichotse.

Ndapempha kalamba kakale kuti abwezeremo. ANyaManda akatenga kale, amangira thumba la usipa.

Tinkakalamba limodzi bwinobwino, ine ndi Anyamata a Tsitsi, osavutana. Lero iwo awabwezera unyamata ndi kamphira, ine andisiya pakhonde. Ndamufunsa Kondwani ngati ali nako ka saizi yanga. Munthu wosaseka uja waseka, akuti za mtundu umenewo zinasiya kubwera.

Suti yabwerera m'sutikesi. Abakha akudikira, tinalekezera pa ng'ona.