Anandijambula ndikumwetulira khoma

Sekani, anzanga, sekani ndithu. Inenso ndimaseka, kungoti kuseka kwanga masiku ano kumathera m'chifuwa. Imvani mmene ine gogo wa ku Kapondo ndinadzichititsira manyazi ku boma.

Chaka cha korona tinagwa tonse awiri, ine ndi amuna anga. Ine ndili gone mapaipi a mpweya m'mphuno, iwo anatisiya kuwodi ya abambo. Anawaika mwachangu, anthu owerengeka, popanda nyimbo. Ine amene ndimayambitsa nyimbo pamaliro a mudzi wonse, amuna anga anapita duu ngati mlendo. Ndinalumbira kuti tsiku la chiliza chawo ndidzaimba mpaka mitengo ya kumanda igwedezeke.

Chaka chinatha, phuma osatha. Kupita kudimba, kukhala pansi kawiri. Kuchipatala chathu chaching'ono anandipatsa kalata. "Agogo, Lachinayi mupite ku boma akakujambuleni."

Kujambula! (Chibadwire ndinajambulidwa kamodzi, pachitupa chovotera, ndipo ndinatuluka ngati wakuba mbuzi.) Ndinati eya, ochira korona akutipachika pakhoma tsopano. Chitenje ndinasita, duku latsopano, mkanda wa paukwati m'khosi, mafuta kumaso waliwali. Mwana wanga Esinati anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Amayi, mukupita kuchipatala kapena kuchinkhoswe? Si kujambula kumeneko ayi."

"Iwe unalipo pamene amandiuza? Ndisiye, chithunzi sichikalamba."

Pakabaza ndinaphimba duku ndi nsalu njira yonse kuopa fumbi.

Kuchipatala cha ku boma, m'chipinda chojambulira munali bambo wovala zoyera. "Agogo, vulani mkanda ndi bulawuzi, muvale ichi." Chinali chimalaya chong'ambika kumsana, ngati thumba la feteleza.

"Mwanawe, ndiye ndioneka bwanji?"

"Muoneka bwino zedi. Yang'anani kukhoma, chifuwa chigunde thabwalo."

"Mundijambula nkhongo?"

"Kokani mpweya, musautulutse."

Ndinakoka, ndipo ndinamwetulira khoma ndi mano anga onse otsala. (Alipo asanu, koma ndi oyera.) Mpweya unakana kukhala, chifuwa khosokhoso. Tinabwereza katatu. Katatu konse ine kumwetulira.

Kenako anandiitana adokotala, mayi wofatsa, nandionetsa chithunzi. Nkhope palibe, duku palibe. Nthiti zokhazokha mbuu.

"Mayo! Ameneyu anamwalira liti?"

Namwino amene anali pomwepo anathawira panja ndi phwete. Koma adokotala sanaseke.

"Ndinu, agogo. Awa ndi mapapo anu. Pakuda apa mpweya ukulowa bwino. Tsono onani poyera apa ndi apa, ngati ulusi wa kangaude. Ndi zipsera zimene korona inasiya."

"Zipsera m'kati? Nanga ndipake chiyani?"

"Sizipakika. Zina zimazilala pang'onopang'ono, zina mukhala nazo. Muzipewa utsi wa kukhitchini ndi fumbi la fodya, ndipo mudzabwerenso tidzaone."

"Nanga kuimba, amayi?"

Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. "Imbani. Koma mpweya sudzafika pamene unkafika kale."

Pobwerera mkanda unali m'thumba. Duku sindinaliphimbe.

Tsiku la chiliza linafika titakolola mtedza. Anthu anadzaza kumanda, ena pa njinga kuchokera ku Mkanda. Ndinaimirira kumutu kwa amuna anga, ndinakweza dzanja, ndinatsegula pakamwa. Mawu oyamba anatuluka, ee, anatuluka ngati belu la Lamulungu, mpaka mtima wanga unati wabwera, mkazi uja wabwera! Pofika mzere wachiwiri, mpweya phwii, ngati tayala lolasidwa ndi minga. Ndinagwira mtanda kuti ndisagwe. Kumanda konse zii.

Amene anaitola nyimbo anali alamu anga a Nachisale, mayi wa mawu ngati chitseko cha khola, amene kwa zaka zambiri ndinkawauza kuti aziimbira kumbuyo. Anaitolera pakati, mokhota, amayi onse n'kuwatsatira. Ine ndinangoima, milomo ikuyenda yokha, misozi chuchuchu pasimenti yatsopano.

Mwina mukuti ndinaphunzira kukhala pansi. Ayi ndithu. Sabata yatha pamaliro a mnansi wathu ndinayambitsanso, mawu anayi okha, kenako kutsokomola mpaka anandithamangira ndi madzi. A Nachisale anandisisita kumsana, nandinong'oneza:

"Alamu, musalire. Inu muzingoyatsa, ife tizisonkheza."