Aroma a Pansi pa Tchalitchi Chathu

Lolemba
Nkhani yaikulu! Tchalitchi cha azungu chimene Amalawife timabwereka Lamulungu masana, pansi pake pali mabwinja a Aroma. Wanditsitsirako mkulu wosunga makiyi. Zipupa zakale kuposa phiri la Mulanje! Loweruka nditengerako mpingo wonse, ine patsogolo. Esinati, nesi uja amangondiyankha kuti "zikomo achimwene", aone kuti nzeru zanga sizithera posambitsa nkhalamba ku Croydon.

Lachiwiri
Foni kulira osapuma, aliyense akufuna. Zofunika: tochi, jekete lachikopa, perefyumu. Mbiri ndili nayo kale m'mutu. Aroma ndi omwe aja a m'Baibulo.

Lachitatu
Pakamwa pangapa! Ndawauza Mayi Phiri, mkulu wa amayi, kuti kulinso mabokosi amiyala a akufa. Bokosi ndi limodzi, ine ndati mazana.
"Manda? Mwapempha kwa yani kulowa kumanda popanda maliro?"
Amayi onse akana.

Lachinayi
Zakula. Akulu ampingo akuti, "Ndiye nthawi yonseyi timavina pamitu pa anthu?" Akufuna tisamukire ku Tottenham. Abambo nawonso athawa. Amantha!

Lachisanu
Ndikonza ndekha. Ndapita kwa abusa achizungu kukapempha njira ya kumanda mwamwambo. Nkhuku yamoyo kuno kulibe, ndanyamula ya m'firiji. Alandira ndi manja awiri, nkhope yodabwa. Akuti pansipo iwo amamwerapo tiyi ndi makeke. Pambali pa bokosi! Azungu ndawagonjera.

Loweruka
Wabwera Esinati yekha, akuchokera ku naiti. Yekhayo ndi mpingo wokwanira. Tili pakati pa masitepe, magetsi thi! Ine sindinakuwe ayi, ndinangoyambitsa nyimbo mokweza kwambiri. Tochi yagubuduka mpaka kwa Aroma.
"Gwirani dzanja langa, achimwene. Ine akufa ndimawaona kuntchito."
Ndagwira, kuti iye asaope. Mabwinja ndi okongola zedi, timiyala tofiira toyala bwino ngati mphasa. Akutero Esinati. Ine maso anali otseka chifukwa cha pemphero.

Lamulungu
Sitisamuka, holo ya ku Tottenham ili ndi eni ake. Koma ng'oma aletsa. Kwaya ikuyimba monong'ona, anthu akuyenda monyang'ama popita kutsogolo, aliyense diso pa ine. Esinati wauza amayi onse za nyimbo yanga ija, mpaka kuyeserera mawu. Ulemu wanga wathera pomwepo, basi. Alekeni aseke. M'basi yobwerera Esinati wachotsa chikwama chake pampando kuti ndikhale ine.